Mabolodi a mankhusu ndi phala la chinangwa: zimene ndaona pa miyezi khumi

Ndine kalipentala. Shedi yanga ili ku Chibavi, ndipo ndakhala ndikupala matabwa muno mu Mzuzu kuyambira 2006, chaka chimene ndinachoka kwathu ku Dowa kutsatira amalume amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Anzanga a ntchito ngati yangayi komanso makasitomala angapo akhala akundifunsa za mabolodi amene ndayamba kugwiritsa ntchito, aja opangidwa ndi mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, mapesi ndi utuchi, omatidwa ndi phala la chinangwa. Ena amafunsa moseka, ati njala ikavuta tidzathyola kabati n'kuphika. Ena amafunsa ndi mtima wofunadi kugula. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi sowo ili m'manja, ndiye ndati ndilembe kamodzi zonse zimene ndaona.

Opanga mabolodiwa sindiwatchula dzina, chifukwa ndinena zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ndi ana oti angoyamba kumene. Alipo atatu, mtsikana mmodzi ndi anyamata awiri, ndipo kashedi kawo kali cha ku Luwinga. Sanandipatse kalikonse kuti ndilembe izi. Kupatula bolodi loyamba, ena onse 34 ndinagula ndi ndalama zanga.

Tinadziwana chifukwa cha utuchi. Mu Ogasiti chaka chatha mtsikanayo anafika pashedi ndi matumba opanda kanthu, n'kundifunsa kuti, "Adada, utuchiwu mumagulitsa bwanji?" Ine utuchi sindinagulitsepo chiyambire. Amayi oweta nkhuku amadzatola woyala m'khola, wotsala timaukankhira kuseri n'kuuyatsa madzulo. Ndinamuuza kuti angotenga, koma ndinafunsa kuti wa chiyani. Atandiuza kuti akupanga mabolodi popanda guluu wa kusitolo, ndinangoti chabwino achemwali, mukapanga mudzandionetse. Sindinaganize kuti adzabweranso. Patatha masabata atatu anatsika pa kabaza atanyamula bolodi lofiirira, lamawangamawanga ngati nkhanga.

Ndisanalidule ndinayamba ndalinunkhiza. Aliyense amene anadulapo chipibodi cha kusitolo akudziwa fungo lija lolasa m'mphuno, lotulutsa misozi ukamadula m'chipinda chotseka. Fungo limenelo limachokera ku guluu wa urea-formaldehyde amene mafakitale ambiri amamatira nyenyeswa za mitengo. Guluuyu ndi wotchipa ndipo amauma msanga, n'chifukwa chake amakondedwa, koma amapitiriza kutulutsa mpweya wa formaldehyde pang'onopang'ono ngakhale kabati italowa kale m'nyumba, makamaka kukatentha kapena kukakhala chinyezi. Mu 2004 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Ine sindine dokotala, koma ndikudziwa mmene chifuwa changa chimamvekera ndikatha sabata ndikudula chipibodi cha makabati a maofesi. Bolodi la ana awa linkangomveka ngati chinangwa chootcha. Ndinalidula, maso sanawawe. Apa ndiye pamene anayambira kundikopa.

Musamve ngati ndikuti fumbi lake ndi labwino. Fumbi ndi fumbi basi, ndipo la mankhusu a mpunga limayabwa pakhosi ndi m'mikono kuposa la paini. Chophimba pamphuno chikufunikabe.

Ndinapita kukaona mmene amapangira, chifukwa sindingagulitse kwa munthu chinthu chimene sindikudziwa kubadwa kwake. Mankhusu amawatenga kuzigayo zopunthira mpunga wochokera ku Karonga, makoko a mtedza amagula kwa amayi osenda mtedza, mapesi amakatuta m'minda anthu akakolola. Zonse amayanika pa malona mpaka ziume gwaa, kenako amakazigayitsa ndi kuzisefa pawiri. Zosalala amaziyala pansi ndi pamwamba m'chikombole chachitsulo, zokhakhala amaziika pakati, kuti nkhope ya bolodi ikhale yosalala koma mkati mukhale mogwirana. Guluu wake ndi sitachi ya chinangwa. Amasenda chinangwa, kuchipala pa chitsulo chobooleza, kufinya pansalu m'madzi, n'kusiya madziwo adikhe. Zoyera zimene zimakhazikika pansi pa beseni ndiye sitachiyo. Akaiphika, madzi akangofunda kufika madigiri 60 mpaka 70, imasanduka phala lonanda looneka ngati galasi, lofanana ndi lija amayi athu ankaumitsira makolala a mayunifolomu. M'phalamo amathiramo citric acid, asidi yemwe uja amawawasitsa mandimu, ndi borax pang'ono wothamangitsa tizilombo.

Makina awo opanikizira anawotcherera okha. Ndi mafelemu a zitsulo za njanji, jeke ya lole, ndi zitsulo ziwiri zaphanthiphanthi zotenthetsedwa ndi magetsi mpaka cha m'madigiri 180. Mnyamata amene amayang'anira makinawo anandifotokozera kuti kutenthako si kongoumitsa ayi. Pa moto woterowo asidi uja amalumikizana ndi sitachi komanso ndi ulusi wa m'makoko, ndipo kulumikizana kumeneko ndi kumene kumachepetsa ludzu la sitachi. "Popanda asidi, madala, bolodi likakhudza madzi limabwerera kukhala phala," anatero. Ndinamukonda chifukwa sanabise kuti vuto lawo lalikulu ndi madzi. Likatuluka m'makina amalisanja ndi anzake, kuika mwala pamwamba, n'kulisiya sabata kuti lizizire bwino lisanapindike.

Ndinene za kukula kwake, chifukwa apa m'pamene ambiri adzakhumudwe. Bolodi la kusitolo limakhala mafiti 8 mulitali ndi 4 mulifupi. La ana awa ndi mafiti 4 kwa 2 basi, chifukwa makina awo ndi aang'ono. Ndiye kuti pamafunika anayi kuti akwane limodzi la kusitolo. Amapanga a mamilimita 12 ndi a 18. Ukawerengera mtengo wa anayiwo umapeza kuti watsikako pang'ono poyerekeza ndi chipibodi chochokera kunja, koma kutsikako kumathera mu matabwa a paini opangira felemu, chifukwa polumikiza paliponse pamafuna mtanda kuseri. Choncho amene akuganiza kuti apulumutsa ndalama zambiri aiwale. Mtengo umangofanana. Chimene ukugula ndi china, osati kutchipa.

Nditabwera nalo loyamba lija ndinaliyesa mmene ndimayesera chilichonse chachilendo. Ndinadula tizidutswa titatu tofanana, ka bolodi lawo, ka chipibodi cha kusitolo ndi ka paini, tonse ta mamilimita 18, n'kutiponya mu ndowa ya madzi. Mawa lake nthawi yomweyo ndinativuula ndi kuyeza. Paini sanasinthe kwenikweni. Chipibodi chinafika 21. Chawo chinafika 24, ndipo m'mbali munkanyenyeka ndikakanda ndi chikhadabo. Nditatiyanika padzuwa masiku atatu, palibe mwa tiwiri tija kamene kanabwerera pa 18. Ndi mmene zilili ndi bolodi lililonse la nyenyeswa zopanikizidwa: zinakakamizidwa kukhala pamodzi, madzi akazimasula zimadzuka, ndipo sizigonanso.

Ndinaziona ndi maso anga zimenezi, komabe mu Novembala ndinalola kupanga kabati ya kukhitchini. Nkhani imeneyi ndiifotokoze bwino chifukwa ndi imene ikuphunzitsa kwambiri. Mayi wina wa ku Katoto anaona shelefu ya makoko a mtedza pashedi panga n'kuikonda maonekedwe ake. Anati akufuna makabati onse a kukhitchini akhale otero, kuphatikizapo ya pansi pa sinki. Ndinamuuza kuti, "Amayi, pasinki tiike paini kapena bulokubodi." Iye anati mitundu isiyana, sizikongola. Ndinafunsa opangawo, ndipo mmodzi wa anyamata aja anandilimbitsa mtima kuti ndikapaka vanishi katatu palibe chingachitike. Ndinapaka katatu, mbali zonse. Pofika Febuluwale mayiyo anandiimbira foni. Paipi ya sinki inkadontha pang'onopang'ono kuseri, poti munthu sangaone, ndipo madzi analowera pabowo limene pulambala anaboola nditachoka, pomwe panalibe vanishi. Pansi pa kabatiyo panatupa ngati buledi, chitseko chinasiya kutsekeka, ndipo m'kona munamera chuku chakuda. Ndinachotsa gawo lonselo n'kuikapo paini, ndalama zanga, masiku awiri a ntchito.

Mlandu pamenepa tigawane. Ine ndinali nditayesa kale mu ndowa, ndinayenera kukana. Koma opangawo nawonso sanayenere kunena kuti vanishi amateteza zonse, chifukwa m'nyumba ya munthu mumabwera pulambala, mumabwera wamagetsi, ndipo aliyense amaboola pake. Nditakawauza, mtsikana uja sanatsutse. Anabwera ku Katoto kudzaona yekha, anajambula, anatenga chidutswa chotupacho, ndipo anandipatsa mabolodi awiri m'malo mwa amene anawonongeka. Sizinabweze masiku anga awiri, koma m'zaka zonse zimene ndakhala ndikugula zipangizo, ndi ochepa amene anayendapo ulendo kudzaona chimene chalakwika pa katundu wawo. Kuyambira pamenepo amalemba ndi choko pa bolodi lililonse kuti si la pamadzi.

Tisaiwale kuti tikunena za Mzuzu. Kuno mvula imapitirira mpaka Epulo, nthawi zina kulowa mu Meyi, pamene kwathu ku Dowa anthu ayamba kale kukolola. Mu Juni ndi Julayi chifunga chimagona m'tauni mpaka dzuwa litakwera, ndipo zovala zapachingwe zimatha masiku awiri zisanaume. Nyumba zambiri za ku Chibavi, Chiputula ndi Masasa zili m'malo otsika, pansi pake pamatuluka chinyezi ngakhale pali simenti. Bolodi la sitachi limamwa ngakhale chinyezi cha mumpweya. Kabati yoti ku Salima ingakhale zaka osadandaula, kuno iyenera kuikidwa pa miyendo ya paini yotalika ngati chikhatho, ndipo isagunde khoma lakunja.

Tsopano zimene zinayenda bwino, ndipo ndi zambiri kuposa zimene zinalephera.

Siling'i ya pabalaza panga ndinaika ya mapesi, ya mamilimita 12. Mabolodi a mapesi ndi opepuka kwambiri mwa onse chifukwa cha chofewa choyera chija cha mkati mwa phesi. Kulimba kwake n'kochepa, sindingapangire shelefu, koma pamwamba safuna kunyamula kanthu. Chimene ndaona n'chakuti mvula ikamagwa pa malata tsopano timamvana polankhula, ndipo mwezi uno wa Juni pabalaza pakufunda kusiyana ndi kuchipinda kumene kulibe siling'i. Kukula kwake kwa 4 kwa 2 pano kunandithandiza, chifukwa ndinakhoma ndekha popanda wondigwirira, ndipo limodzi likadzadontheredwa ndidzangochotsa lomwelo. Ndisanakhome ndinakwera padenga kukamata mabowo onse a misomali, ndipo aliyense wofuna siling'i yotere achite chimodzimodzi.

Ya makoko a mtedza ndiyo yokongola. Ukaikwecha ndi sandipepa n'kupaka vanishi, mawanga aja amawala, ndipo anthu amayamba aisisita asanafunse mtengo. Ndinapangira mtsikana wina wa saluni ku Mchengautuwa chotchinga chogawa chipinda pawiri ndi mashelefu oika mafuta a tsitsi, ndipo mpaka lero zili bwinobwino, kungoti mbali ya kosambitsira tsitsi tinaika malata. Ndinapanganso matebulo awiri a pambali pa bedi, kumbuyo kwa mawadilopu atatu, ndi pansi pa madirowa. Pa ntchito ngati zimenezi, kale ndinkadula paini wabwinobwino kapena kugula pulayiwudi, ndipo mtima unkandipweteka kuona thabwa labwino likubisika kuseri kwa wadilopu kumene palibe adzalione.

A mankhusu a mpunga ndi olimba ndi olemera, koma amadya sowo. Mankhusu a mpunga ali ndi silica wambiri, chinthu chomwe chija chili mumchenga, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Ndiye kudula bolodi lotere kuli ngati kudula thabwa lomwe lagona mumchenga. Sowo yanga ya manja ndinkainola ndikadula atatu okha, ndipo pulena musayese n'komwe, mpeni wake ubuntha nthawi yomweyo. Amene ali ndi sowo ya magetsi ya mano a carbide savutika kwambiri. Vuto lina n'lakuti khungu la mankhusu ndi loterera, phala siligwira bwino ngati sanagayidwe mokwanira. Gulu lina limene ndinalandira mu Disembala linali ndi mankhusu athunthu ooneka ndi maso, ndipo makona ake ankagumuka pongonyamula. Asanu mwa khumi ndinabweza. Anandisinthira osakangana, n'kunena kuti sefa ya kuchigayo inali itang'ambika. Panopa amasakaniza mankhusu ndi utuchi theka ndi theka, ndipo amenewa ndi amene ndimawakhulupirira pa mashelefu.

Pa mashelefu pomwepo ndichenjeze. Ndinapangira bambo wina wa golosale pafupi ndi shedi yanga mashelefu asanu. Atatu ndinaika mitanda pa masentimita 60 aliwonse, awiri ndinasiya mpata wa mita yathunthu chifukwa ankafuna malo a mabotolo akuluakulu a mafuta ophikira. Atatu aja akadali owongoka ngakhale amanyamula shuga ndi sopo. Awiri aja anayamba kugwa mimba patangotha miyezi iwiri, ndipo ndinapita kukawonjezera mtanda pakati. Chipibodi cha kusitolo nachonso chimatero, koma ichi chimafulumirako. Masentimita 60 asapitirire.

Misomali salola. Ukakhoma pafupi ndi m'mphepete limang'ambika, ukakhoma pakati msomali umagwira lero, mawa ukugwedera. Pamafunika kuboola kaye ndi kabowo kakang'ono, kenako sikuluu ya mazinga akuluakulu, ndipo ikhale masentimita 5 kuchokera kukona. Sikuluu ikalowa isatulutsidwenso, chifukwa kachiwiri sigwira. Mahinjesi a zitseko sindimangirira pa bolodi lenilenilo, ndimamata kathabwa ka paini mkati n'kumangirira pamenepo. M'mbali monse modulidwa ndimatseka ndi kamzere ka paini, chifukwa madzi amalowera m'mbali, osati pankhope. Pamene kamzere sikangakwane ndimapaka phula la njuchi losungunula, limene kuno kumpoto silisowa. Penti wa madzi musapake mwachindunji, amadzutsa tiziphuphu pankhope yonse. Yambani ndi wa mafuta, akauma ndiye mupake amene mukufuna.

Funso limene aliyense amafunsa ndi la tizilombo, ndipo n'lomveka, pakuti chinangwa ndi chakudya. Pa zonse zimene ndinapanga ndi kupaka vanishi, palibe kasitomala amene wabwera kudzadandaula za anankafumbwe kapena mphemvu. Koma zidutswa zosapaka zimene ndinaunjika pakona ya shedi mvula yonse, mphemvu zinakhalamo ndipo makoswe anatafuna m'mbali. Chiswe ndinachiyesa dala. Ndinasiya kachidutswa ka mankhusu ndi ka mapesi pansi kuseri kwa shedi, pamene chiswe chimadya chilichonse. Patatha mwezi, ka mapesi kanali katatha theka, ka mankhusu kanangonyambitidwa pamwamba. Borax amathandiza, koma amasungunuka m'madzi, ndiye chinthu chikanyowa chitetezo chimapita limodzi ndi madziwo. Miyezi khumi ndi yochepa pa nkhani ya tizilombo, ndipo kasitomala aliyense ndimamuuza zimenezo asanapereke ndalama.

Kagulitsidwe kawo kakufunika kukonza. Ukaitanitsa pa WhatsApp amayankha msanga ndi mwaulemu, koma tsiku limene alonjeza silikwana kawirikawiri. Magetsi akazima makina amazizira, ndipo kuti atenthenso pamapita nthawi. M'miyezi ya mvula zipangizo siziuma, ndiye oda ya sabata imodzi inanditengera masabata atatu mu Januwale, kasitomala ali pakhosi panga. Kunenepa kwa mabolodi nakonso sikufanana. Amene amati ndi a 18, ena amakhala 17, ena 19, ndipo ukalumikiza awiri pamakhala kaphiri koti ukwechepo nthawi yaitali. Kwa munthu wamba milimita imodzi si kanthu, kwa kalipentala ndi ola lathunthu. Ndinawauza kuti aike tizitsulo toletsa m'mbali mwa chikombole kuti jeke iziima pamalo amodzi nthawi zonse, ndipo gulu lomaliza linabwera lofananako. Ponyamula, musalole kuti amange pa njinga ndi chingwe cha mphira popanda makatoni m'makona. Awiri anafika ataphwanyika makona chifukwa cha zimenezo.

Wina anganene kuti ngati mavuto ndi ochuluka chonchi, ndikuvutikiranji. Ndiyankha ndi zimene ndaona pa zaka zanga muno. Pamene ndinkafika, paini wa ku Chikangawa anali ngati sadzatha. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala oposa 50,000, inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo ukamadutsa pa M1 kuchokera ku Mzimba unkayenda mumthunzi mtunda wautali. Ku msika wa Zigwagwa unkasankha thabwa lalikulu, louma, lopanda mfundo, n'kusiya ena. Kenako tinaona malole akutuluka usana ndi usiku kulowera kuchipata cha Songwe, m'malire ndi Tanzania, tinaona moto chaka ndi chaka, ndipo lero mapiri ambiri m'mbali mwa msewu uja ndi zitsa ndi udzu. Ena akudzalanso, ndipo ndimawayamikira, koma paini amafuna zaka zoposa 20 kuti apereke thabwa lenileni. Matabwa ambiri amene tikuwapeza masiku ano ndi a mitengo yanthete, opapatiza, aawisi, opindika ukangowasiya padzuwa. Mbawa ndi mlombwa ndiye tisanene, tinasiya kuzilota.

Pamene zili chonchi, kuseri kwa zigayo za mpunga kuli milu ya mankhusu imene imangofuka utsi, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala minda imayaka mapesi. Ine ndemwe ndatentha utuchi zaka zonsezi. Ngati kumbuyo kwa wadilopu, siling'i ndi chotchinga cha saluni zingapangidwe ndi zimenezi, thabwa la paini litsala kuti likagwire ntchito imene ilo lokha lingathe: felemu, mwendo wa tebulo, chitseko, denga. Mabolodi amenewa salowa m'malo mwa thabwa. Amalipumitsa pa ntchito zopepuka, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira kuti ndipirire masabata atatu odikira.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandivutitsabe maganizo. Choyamba ndi chinangwa. Kwa anzathu a ku Nkhata Bay chinangwa ndi kondowole, ndi nsima ya tsiku ndi tsiku, ndipo chimanga chikakwera mtengo anthu ambiri a muno amathawira komweko. Panopa ana awa amagula pang'ono, ndipo amati amasankha chowawa ndi chothyokathyoka chimene pamsika sichiyenda. Koma ntchito ikadzakula, adzapikisana ndi mphika wa munthu, ndipo mu Febuluwale tinaona kale mtengo wa bolodi ukukwera chifukwa chinangwa chinadula. Njira yabwino ingakhale kugwirizana ndi alimi oti azilima padera cha ntchito imeneyi. Chachiwiri ndi mapesi. Ine ndinakulira m'munda, ndipo ndikudziwa kuti phesi likawolera pamzere limabwezera chonde, likaphimbira nthaka limasunga chinyezi, ndipo ng'ombe zimadya m'chilimwe. Kutenga amene akanatenthedwa n'kwabwino. Kusesa munda wonse n'kuusiya wamaliseche n'kubera mlimi chaka chamawa. Mankhusu, makoko a mtedza ndi utuchi ndiye ndilibe nazo nkhawa. Ndinawauzanso kuti ayese makoko a khofi, poti kuno kumpoto khofi amalimidwa, ndipo ati ayesa nyengo yokolola ikafika.

Kwa kalipentala mnzanga wofuna kuyesa, ndingati yambani ndi awiri okha, limodzi la mtedza, lina la mankhusu osakaniza ndi utuchi. Posankha, kandani m'mbali ndi chikhadabo. Likanyenyeka lisiyeni. Ligogodeni ndi chala. Labwino limalira ngati thabwa, losapsa bwino limangoti phu. Yezani makona onse anayi musanalipire. Kwa mayi kapena bambo wofuna katundu wa m'nyumba, shelefu ya mabuku, tebulo la pambali pa bedi, siling'i, chotchinga, wadilopu ya felemu ya paini, zonsezi gulani ndi mtima umodzi, makamaka za kuchipinda kwa ana kumene simukufuna fungo la guluu. Za kukhitchini pafupi ndi madzi, za kubafa, za pakhonde, benchi, bedi, kanani ngakhale kalipentala atakulonjezani vanishi kasanu.

Sabata yatha mtsikana uja anabweranso ndi chidutswa chatsopano, chakuderako kuposa akale. Anati awonjezera asidi, atalikitsa nthawi ya pamoto, ndipo athiramo phula pang'ono. "Adada, kaponyeni mu ndowa yanu ija," anatero. Ndinaponya. Mawa lake chinali pa mamilimita 21, chimodzimodzi chipibodi cha kusitolo, ndipo m'mbali simunanyenyeke. Kungoti chikuoneka chophweka kuthyoka pang'ono, moti pomanga sikuluu pafunika dzanja lofatsa. Ndaitanitsa khumi ndi awiri a mtundu umenewu opangira mashelefu a mabuku pa sukulu ya mkaka ina ku Zolozolo. Theka la chidutswa chija ndalikhomera pa mzati wa shedi, mbali imene mvula imawomba, ndipo ndalembapo tsiku ndi pensulo kuti ndidzayezenso mu Epulo.